Mwana Alowe Kalasi Iti? Mawu kwa Makolo ndi Ana Athu ku Indiana

  Inu ana athu amene mwavala mikanjo lero pomaliza giredi 12, mwatichotsa manyazi, ndipo tikukunyadirani. Komabe mundilole kuti mawu anga ambiri apite kwa azing'ono anu amene akhala kumbuyoko, a giredi 7, 8 ndi 9, pamodzi ndi makolo awo, chifukwa kwa iwo njira ya ku koleji ikulambulidwa panopa.

Ambirife tinaphunzira kwathu ku Malawi. Kumeneko tsogolo la munthu limagamulidwa kamodzi: Folomu 4, mayeso a MSCE, kuwerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, mapointi n'kutuluka. Wina ankatha kusewera zaka ziwiri, n'kudzadzidzimuka mochedwa, kuviika miyendo m'madzi usiku wonse, basi n'kusankhidwa kupita ku Chancellor College. Kuno ku America sizitero. Koleji imafuna chikalata cha magiredi kuyambira giredi 9, ndipo siyang'ana ma A okha. Imayang'ananso kuti ma A amenewo anapezeka m'makalasi otani.

Phunziro limodzi pasukulu imodzi limakhala ndi makomo angapo. Pali kalasi wamba. Pali ya honors, yothamangirapo pang'ono. Pali ya AP, imene imaphunzitsa zinthu za chaka choyamba cha ku koleji. Mayeso ake amakonza ndi bungwe la College Board, amalembedwa mu Meyi, ndipo mwana amapeza pakati pa 1 ndi 5. Mayunivesite aboma muno mu Indiana amamuwerengera mwana phunzirolo akapeza 3 kapena kuposa, kutanthauza kuti ndalama zina za fizi zatsala m'thumba mwanu. Palinso makalasi a dual credit, owerengedwa kusekondale ndi ku koleji komwe, monga amene koleji ya Ivy Tech imayendetsa mogwirizana ndi masukulu a sekondale, amene ana ambiri amatenga osalipira fizi. Zonsezi zilipo, koma sizithamangira mwana. Zimafuna kuti wina azipemphe.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Chakumayambiriro kwa chaka, mwana amabwera ndi pepala losankhira makalasi a chaka chotsatira. Mayi angofika kumene kuchokera kuntchito ya usiku yosamalira okalamba, yunifolomu ili m'thupi, maso ali psuu. Mwana akuti, “Amayi sainani apa, basi indisiya.” Mayi asaina ali chiimire, osawerenga. Si kusasamala ayi, ndi kutopa, komanso ulemu umene tinakula nawo woti aphunzitsi ndiwo akudziwa. Koma pa pepala limenelo ndi pamene mwana wanzeru, makamaka amene wangobwera kumene ndipo Chingerezi chake chikumvekabe chakwathu, amatsalira m'kalasi wamba popanda womufunsira.

Funso limene makolo mumandifunsa kawirikawiri ndi ili: chabwino n'chiti, A wa m'kalasi wamba kapena B wa mu AP? Yankho langa ndi loti pa phunziro limene mwana amalitha ndiponso limene likuloza kumene akufuna kupita, alowe kalasi yovutayo, ndipo B asakuopseni. Sukulu imatumiza ku koleji ndondomeko ya makalasi amene ili nawo, choncho olandira ophunzira ku Notre Dame kapena ku Purdue amaona bwinobwino ngati mwana anazemba zolimba kuti magiredi aoneke oyera. Amamuyesa malinga ndi zimene sukulu yake inali nazo. Ngati sukulu ili ndi ma AP atatu okha, palibe amene adzamufunsa za khumi.

Koma pali matenda ena amene alowa pakati pathu, ndipo ndiwatchule poti tili pachibale. Tikamva kutchalitchi kuti mwana wa auje akutenga ma AP asanu, timapita kunyumba kukauza wathu kuti atenge asanu ndi limodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwana amene akugona 2 koloko usiku, Loweruka ali kuganyu, madzulo akulera azing'ono ake poti inu muli kuntchito, mukamusenzetsa zonsezo adzabweretsa ma C ndi ma D, ndipo ameneyo wadzipweteka kuposa mnzake amene anatenga makalasi awiri olimba n'kuwakhoza. Ena amadwala nazo maganizo, osauza munthu. Mwana wofuna unamwino alimbe pa Biology ndi Chemistry. Mbiri ya ku Ulaya angathe kuiphunzira m'kalasi wamba, palibe chimene wataya. Wokonda kulemba ndi kutsutsana, amene akulota za uloya, alowe AP ya Chingerezi ndi ya kayendetsedwe ka boma.

Pa masamu pokha ndikupemphani mutchere khutu, chifukwa khomo lake limatsekeka msanga. M'masukulu ambiri, mwana amafika pa Calculus mu giredi 12 ngati anaphunzira Algebra 1 ali giredi 8. Ndiye kuti nkhani ya uinjiniya imayamba mwana ali ndi zaka 12 kapena 13, pamene ife tikumuonabe ngati wongotumidwa kukatenga madzi. Akachedwa sikuti zathera pomwepo, masukulu ena amalola kuphunzira Geometry m'tchuthi cha chilimwe kapena kutenga masamu awiri chaka chimodzi, koma zimenezonso mpaka mufunse.

Inu ana, tamverani. Musakane kalasi yolimba chifukwa choti anzanu onse ali kwina, kapena poopa kuti mukakhala nokha wakuda m'chipindamo. Mpando umenewo ndi wanu. Ndipo zikavuta m'milungu yoyambirira, uzani aphunzitsi ndi makolo msanga, nthawi yosinthira kalasi isanathe.

Makolo anzanga, sukulu ikatsegulira mu Ogasiti, pemphani tsiku lokumana ndi mlangizi wa mwana wanu pasukulupo. Mufunse kuti mwana ali pa njira iti ya masamu, ndi makalasi ati olimba amene angalowe, ndiponso ngati pali chithandizo pa ndalama za mayeso a AP, chifukwa mabanja opeza zochepa amachotseredwa. Amene Chingerezi cha m'maofesi chimakuchititsani manyazi, tengani mmodzi mwa ana amene avala mikanjowa akuperekezeni, ndipo ndikuwapempha pano pamaso panu kuti asakane.