Cifukwa Ciani ku Congo Alankhula Cifalansa?

Tikadumpha malire pa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi, timva Ciswahili pamsika, koma makalata onse a boma ali m'Cifalansa. Dziko limenelo silinalamulidwepo ndi France ai. Nanga cinenero cimeneci cinalowa bwanji?

Mu 1885 Mfumu Leopold II ya ku Belgium inatenga Congo ngati munda wake, ndipo mu 1908 boma la Belgium linaulandira. Ku Belgium zinenero zazikulu ndi ziwiri, Ciflemish ndi Cifalansa, koma akuluakulu a boma ndi eni makampani anali kulankhula Cifalansa. Ndico cinalowa m'maofesi, m'makhoti ndi m'mabuku a migodi ya Katanga.

Atsamunda sanacigawire onse. Ku mishoni ana ambiri anaphunzira m'zinenero za kwao, Cifalansa cinali ca owerengeka. Wocidziwa anagwira pensulo, wosacidziwa anagwira fosholo. Patrice Lumumba anali kalaliki wa positi, ndipo pa 30 June 1960 anadzudzula atsamunda m'Cifalansa comweco, Mfumu Baudouin ili pomwepo.

Ufulu utafika, makolo anafunira ana ao cinenero cimene iwo anamanidwa. Ndiponso m'dziko la zinenero zoposa 200, kukweza ca mtundu umodzi kukadautsa mkangano. Mobutu anasintha dzina la dziko kukhala Zaire mu 1971, koma Cifalansa sanacicotse. Malamulo akulu a 2006 atinso ndico cinenero ca boma.

Tsono wanchito wosacidziwa asaina pepala la nchito asanamve zolembedwamo. Nanga ife kuno ndi Cingelezi, tisiyana nao pati?