NKHASI YA KUNYANJA YA SALIMA: CHUMA CHOKWIRIRIKA MUMCHENGA

Nyengo ya mvula ikafika kunyanja ya ku Salima, pali nyama ina imene imatuluka m'madzi mwakachetechete, nikwawa pamchenga, nikumba kadzenje ndi miyendo yake yam'mbuyo. Ikaikira mazira, imakwirira bwinobwino n'kubwerera m'madzi. Nyamayo ndiyo nkhasi, kamba wa m'madzi wa chigoba chofewa, amene akatswiri amamutcha Cycloderma frenatum.

Nkhasi sifungatira mazira monga ichitira nkhuku. Ntchitoyo imasiyira kutentha kwa mchenga. Apa ndipo pagona tsoka lake. Mapazi ake amatsala poyera, ndipo wolawirira kugombe amangowatsata, nafukula mazira onse kuti akachite ndiwo. Nkhasi zazikulu nazo zimakodwa m'makoka ndi pambedza. Chaka cha 2016 bungwe la IUCN, loona za zolengedwa pa dziko lonse, lidaika nkhasi m'gulu la nyama zimene zili pangozi ya kutheratu.

M'nyanja ya Malaŵi mulibe akamba akuluakulu a m'nyanja zamchere, komabe mavuto awo ndi a nkhasi ndi amodzi, chifukwa nawonso amaikira mazira pamchenga. Motero n'kwanzeru kuona zimene anthu a kumeneko adachita. Ku Watamu, m'dziko la Kenya, kudayamba ntchito yoteteza akamba mu 1997. Msodzi akapeza kamba m'khoka mwake amadziwitsa oteteza, nalandira kandalama pang'ono, ndipo kambayo amayesedwa, naikidwa chizindikiro, n'kubwezedwa m'madzi. Ku Kosi Bay, ku South Africa, m'dera limene akamba adayamba kuwerengedwa mu 1963, eni mudzi ndiwo amaperekeza alendo usiku kukaona akamba akuikira mazira, ndipo alendowo amalipira. Kumeneko mudzi udazindikira kuti mazira akadyedwa phindu lake n'la tsiku limodzi, pamene kamba wamoyo amaitana alendo chaka ndi chaka.

Kodi zoterezi zingatheke ku Salima? Zipangizo zake zilipo kale. Alendo amafika ku Senga Bay kudzasamba ndi kudzapuma, ndipo ena amakwera maboti kukaona zilumba za Maleri, zimene zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984 monga chuma cha dziko lonse lapansi.

Koposa apo, mwambo wosamala za m'nyanja si wachilendo m'bomali. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala, kuti nsomba monga utaka ziswane mwamtendere. Lamuloli lidayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo lakhalitsa chifukwa mwini wake ndi mudzi, ndiponso asodzi amaona okha kuchuluka kwa nsomba chilumba chikatsegulidwa. Nzeru imene idasunga utaka ku Mbenji ingathe kusunganso nkhasi pagombe.

Chofunika n'chakuti mafumu pamodzi ndi makomiti a m'madooko agwirizane za magombe amene nkhasi zimaikirako mazira, kuti m'nyengoyo pasakokedwe khoka, pasakumbidwe mchenga womangira nyumba. Achinyamata odziwa mapazi a nkhasi asanduke alonda a zisa ndi operekeza alendo. Alendowo akhale ochepa, opanda phokoso kapena nyali zowala, pakuti nkhasi ndi yamantha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama zolipidwazo ziwerengedwe poyera pabwalo la mfumu, zioneke pa mjigo kapena padenga la sukulu, chifukwa zikathera m'matumba a anthu awiri, anthu adzabwerera kukafukula mazira.

Dzinja likudzali, msodzi wopeza mapazi a nkhasi pamchenga asafulumire kukumba. Akauze mfumu yake, nasiye chisacho mpaka tiana titaswa ndi kutsikira m'madzi.