Ana athu akuonera mawa a eni ake

Mawu omwe ndidayankhula pa msonkhano wa aphunzitsi, makolo ndi achinyamata ku Senga Bay, m'boma la Salima.

Ine sindine kadaulo wa za kanema. Ndine mtolankhani chabe, ndipo sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira. Koma pali kanthu kena komwe kakhala kakundisowetsa tulo.

Masiku apitawa ndidakhala pansi ndi ana asanu a mlongo wanga pa mchenga pompano. Ndidawapatsa mapepala ndi kuwauza kuti ajambule Senga Bay momwe adzaonekere zaka 100 zikubwerazi. Adajambula nyumba zosanjikizana zofika kumitambo, magalimoto ouluka ndi maroboti. Palibe ndi mmodzi yemwe adajambula nyanja. Bwato, chilimila, thandala la usipa, zonsezi padalibe. Nditafunsa wamkulu kuti nanga asodzi ali kuti, adandiyankha kuti m'tsogolo simukhala asodzi. Ndidafunsanso kuti adamuuza ndani. Iye adati amaona m'makatuni.

Mwanayu sadaname. Amaonadi zimenezo pa foni ya bambo ake ndi ku vidiyo sho. Makatuni ndi mafilimu a nkhani zopeka za sayansi ndiwo akuphunzitsa ana athu momwe mawa adzakhalire, ndiponso yemwe ali woyenera kupezekamo.

Akuluakulu muli pano mukudziwa kuti nkhaniyi ndi yachilendo kwa ife. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi dziko lino lidalibe wailesi ya kanema. Television Malawi idayamba mu 1999, pamene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe adali ataonera kanema kwa zaka zoposa 30. Filimu iliyonse imayamba yadutsa ku Censorship Board, yomwe idadza ndi lamulo la 1968. Inu omwe mudathawira kunja mudaona zambiri zomwe otsala kuno sadazione. Lero mwana wa ku Lifuwu angathe kuonera filimu ya ku Japan ali pa mkeka. Chitseko chidatseguka, ndipo nkwabwino kuti chidatseguka. Funso ndi lakuti chikulowa nchiyani.

Tiyambe ndi The Lion King, katuni ya Disney ya mu 1994. Nyimbo zake nzokoma, mayina ngati Simba ndi Rafiki ndi a Chiswahili. Koma mu Africa wa filimuyi mulibe munthu ndi mmodzi yemwe, muli nyama zokhazokha. Ndipo phunziro lake ndi lakuti dziko limayenda bwino pokhapokha mwana wa mfumu akakhala pa mpando wa bambo wake, ena onse nkumagwada. Taganizani, filimuyi idatuluka chaka chomwe Amalawi tidasankha boma pa chisankho cha zipani zambiri, patangotha chaka chimodzi chichitikireni referendamu ya pa 14 Juni 1993.

Mu 2018 kudabwera Black Panther. Ndivomere, nanenso ndidaomba m'manja. Tidaona dziko lopeka la Wakanda, lomwe silidalamulidwepo ndi atsamunda, la sayansi yoposa ya azungu. Tidamva Chixhosa, tidaona mabulangete a Abasotho. Koma nditaionera kachiwiri ndidadzifunsa: anthu anzeru chonchi, bwanji mtsogoleri amamupeza pomenyana pa mathithi? Mlimi wa ku Wakanda ali ndi voti? Ndiponso Wakanda adapangidwa potola chovala uku, chiyankhulo uko, ngati kaunjika. Ndi Africa womuonera kutali, ku America.

Zinthu zayamba kusintha. Mu 2023 Netflix idatulutsa Supa Team 4, katuni yomwe adaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ngwazi zake ndi atsikana anayi a sukulu, ndipo nkhani ikuchitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Olemba ake onse adali amayi a muno mu Africa. Chaka chomwecho Disney idaonetsa Kizazi Moto, timafilimu 10 ta akatswiri a ku Zimbabwe, Uganda, Kenya, Nigeria, Egypt ndi South Africa. Mu 2024 kudatuluka Iwájú, ya mzinda wa Lagos. Lusaka ndi pakhomo pompa. Ngati mtsikana wa ku Zambia adatha, wa ku Salima chingamuletse nchiyani?

Nkhani zoti tijambule tili nazo. Shadreck Chikoti adalemba buku la Azotus the Kingdom, lokamba za Africa wa zaka 500 zikubwerazi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, adapanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, ndipo nkhani yake idasanduka filimu mu 2019. Ambiri tidaseka Chichewa cha azisudzo akunja a m'filimuyo. Kuseka nkosavuta, koma tidzifunse chifukwa chake nkhani ya mwana wathu idadikira Chiwetel Ejiofor kuti aijambule. Shemu Joyah adatisonyeza mu 2012 ndi The Last Fishing Boat kuti moyo wa msodzi wa nyanja ino ungathe kudzaza filimu yonse.

Muno m'boma lathu momwemuno muli chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi pa chilumbacho nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, nkudzatsegula mu Epulo. Mowa ndi juga nzoletsedwa kumeneko. Amayinso saloledwa kupondako, ndipo pamenepa mlembi wabwino sangalambalale, angafunse ngati lamulo limeneli lidzakhalepobe m'tsogolo. Kumtunda kuno kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe adatsegulidwa mu 2021. Tsono ganizani katuni ya mtsikana wa m'chaka cha 2125, woyendetsa bwato la magetsi a dzuwa, yemwe akulondera nyanja yotsekedwa pamene kampani yolemera ikufuna kukokolola chambo chotsala. Mmenemo muli sayansi, muli mwambo wathu, muli mkangano weniweni.

Ndamva ena akunena kuti boma lingoletsa makatuni akunja pofuna kuteteza chikhalidwe. Amayi ndi abambo, njira imeneyo tidaiyendapo. Dzina la chikhalidwe lomweli ndilo lidaletsa amayi kuvala mathalauzi kuyambira mu 1973 mpaka 1993. Woletsa akayamba ndi katuni samathera pomwepo, mawa afika pa nyuzipepala. Mankhwala a filimu yotinamizira ndi filimu yathu.

Pempho langa ndi laling'ono. Makolo, muzionera limodzi ndi ana, ndipo ikatha muziwafunsa kuti wolamula m'nkhaniyi ndani, adamusankha ndani, nanga anthu onga ife ali pati. Aphunzitsi, mwana wojambula kumapeto kwa kope musamukwapule, mpatseni pepala lina. Agogo, nthano za Kalulu ndi Fisi musapite nazo kumanda. Inu a mawailesi a kanema, perekani ngakhale mphindi 10 pa sabata kwa achinyamata opanga makatuni a m'Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo muziwalipira.

Ana a mlongo wanga aja ndawapatsanso mapepala. Ndawauza kuti magalimoto ouluka asawachotse, koma nyanja ikhalepo, ndipo m'bwatomo mukhale munthu yemwe akumudziwa dzina.