Mwana Amene Aiwala Zimene Anaphunzira Dzulo



M'kalasi lodzaza ku Kanyama, ku George kapena ku Mtendere mupezeka mwana amene Lolemba adziwa masamu ake, koma Laciwiri ayang'ana pa bolodi ngati sanawaonepo. Sakhazikika pa mpando, ndipo tifulumira kunena kuti ndi waliuma. Mwa ana otere alipo ena amene anavulala asanabadwe.

Mai wapakati akamwa kacasu, cibuku kapena tujilijili tija boma linaletsa mu 2012, mowawo uyenda m'magazi ndi kufika kwa mwana m'mimba. Ciwindi ca mwanayo sicinakhwime kuti ciucotse, motero mowa uononga bongo umene uli kukula. Dokotala wa ku France, Paul Lemoine, analemba za ana 127 otere mu 1968, ndipo mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle anapatsa bvutoli dzina lakuti Fetal Alcohol Syndrome. Ena abadwa ocepa thupi, a mutu waung'ono, koma ambiri nkhope zao sizionetsa kanthu. Fodya nayenso acepetsa thupi la khanda.

Cikoti sicikonza bongo wovulala, ndiponso lamulo la maphunziro la 2011 liletsa kumenya ana pa sukulu. Inu aphunzitsi, mkhazikeni kutsogolo, kutali ndi zenera. Muuzeni cinthu cimodzi pa nthawi: atenge buku, ndipo akatenga, ndiye mumuuze tsamba. Awerengere ndi timiyala kapena zitsekero za mabotolo. Mawa adzaiwalanso, bwerezani osakalipa.

Inu ana, musamseke mnzanuyo. Iye sanamwe mowa. Akhulupirira msanga aliyense, kotero anyamata aakulu a pa msika angathe kumtuma zakuba. Muzipita naye pamodzi poweruka.

Za mai wake, aphunzitsi, samalani lilime. Ena anamwa asanadziwe kuti ali ndi pakati, ena aphika mowa kuti apeze ndalama za ufa ndi lendi. Mukawacititsa manyazi pa msonkhano wa makolo, mwanayo sadzaonekanso pa sukulu. Simuli dokotala, ndipo si mwana aliyense woiwala amene anavulazidwa ndi mowa. Lankhulani nao paokha kuti apite naye ku cipatala ca Kanyama, Matero kapena Chawama, kumene angawatumize ku UTH. Ngati ali ndi pakati pena, auzeni kuti kuleka mowa ngakhale lero kuthandiza mwana amene akudza.