Mafuta Obisala M'magazi

Nonse mukuidziwa ngalande ya kudimba. Matope akamaunjikana pang'onopang'ono, madzi amachepa, tsiku lina mbewu n'kufota. Mitsempha yathu ya magazi imatsekekanso chimodzimodzi.

M'magazi muli mafuta otchedwa kolesitolo. Ambiri amapangidwa ndi chiwindi, ndipo thupi limawafuna. Koma akachulukitsa amamatirira m'mitsempha, njira ya magazi n'kuchepa. Ukatsekeka mtsempha wa kumtima, munthu angagwe mwadzidzidzi. Ukatsekeka wa kuubongo, ndiye sitiroko, munthu kufa ziwalo.

Choopsa n'chakuti mafutawa sapweteka. Wonenepa ndi woonda yemwe angakhale nawo, ndipo ena amatengera kumtundu. Owaona ndi achipatala okha, akapima magazi.

Tsono chepetsani nyama yonona, chikopa cha nkhuku ndi vitumbuwa. Nyemba, nshawa, kapenta, chibwabwa ndi bondwe zisasowe pa nsima. Fodya musiyeni. Yendani, gwirani khasu. Akakupatsani mankhwala, imwani monga akuuzirani, musaleke poti mukumva bwino.

Inu amene mwakula ngati ine, makamaka ngati kwanu wina anagwapo ndi mtima kapena sitiroko, pitani mukapimitse mwezi uno. Ngalande timaikonza madzi asanaime.