Kuphunzira Uli Pantchito: Dipuloma ya Bizinesi kwa Akapitawo ndi Alembi

Mawu amene mneneri wa Khonsolo ya Dedza analankhula pa msonkhano wa chitukuko ku Kasina

Ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndikambe za sukulu ya ife akuluakulu amene tili kale pantchito: akapitawo, alembi, asungichuma a makopaletivi, oyang'anira masitolo pa Linthipe, ndi aliyense amene amasunga mabuku ndi ndalama za anthu ena.

Chiyambire 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndalama zachitukuko zakhala zikudutsa m'manja mwa anthu a konkuno. Za CDF ndi za DDF mukuzidziwa. Za pulojekiti ya GESD, imene imathandizidwa ndi World Bank, zimaperekedwa malinga ndi mmene khonsolo yakhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka, ndipo gawo lalikulu la kauniuniyo ndi kasungidwe ka mabuku. Lisiti la simenti likasowa pa mdadada wa sukulu kuno ku Kasina, kapena kaundula wa ogwira ntchito akapanda kugwirizana ndi malipiro, funso limafika pa boma lonse la Dedza. Nthawi zambiri wolakwayo si wakuba ayi. Amakhala munthu wokhulupirika amene anapatsidwa udindo popanda womuphunzitsa kagwiridwe kake.

Mpata umenewu ndi umene dipuloma ya bizinesi imatseka. Wophunzira amadziwa kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kupanga bajeti, kugula katundu potsata malamulo, kuyang'anira anthu, ndi kulemba lipoti lomveka. Msungichuma wa kopaletivi ya mbatata ya kachewere amatha kuwerengetsera mbewu, feteleza, aganyu ndi mayendedwe, n'kudziwa mtengo umene thumba siliyenera kutsikira pamene mavenda afika ndi galimoto zawo.

Kuti munthu apeze nzeru zimenezi, sipafunikanso kuti asiye ntchito ndi banja n'kukakhala ku koleji zaka ziwiri. Kuphunzira uli kwanu kunayamba kale m'dziko muno. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene inkatumiza maphunziro pa positi ndipo pambuyo pake inadzatchedwa MCDE. Sukulu zambiri za CDSS zimene ana athu amapitako lero zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE. Masiku ano njira imeneyi, yotchedwa ODL, yafika m'mayunivesite. Mzuzu University yaphunzitsa aphunzitsi ambiri ali pantchito, ndipo LUANAR ili ndi maphunziro otere pa bizinesi ya ulimi. Palinso mabungwe olembetsa mayeso, monga ICAM ya kuno kwathu, yoona za akauntanti, ndi ABE ya ku United Kingdom, amene mayeso awo munthu angakonzekere powerenga kunyumba kapena polowa m'kalasi Loweruka ndi Lamlungu. Ogwira ntchito m'boma ali ndi Malawi School of Government, imene inapangidwa mu 2022 pophatikiza Malawi Institute of Management ya ku Kanengo ndi koleji ya ku Mpemba. Ife a ku Kasina tili ndi mwayi woti tikangofika pa msewu wa M1, Lilongwe si patali.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: musanalipire ngakhale tambala, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro mukufunawo n'zovomerezeka. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi limene limalembetsa ndi kuvomereza sukulu zaukachenjede, ndipo limatulutsa mndandanda wa mayina ake. Onetsetsani zinthu ziwiri, dzina la sukulu ndi dzina la maphunziro, pakuti sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene dipuloma imene ikukuitanirani sinavomerezedwe. Uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza dipuloma m'miyezi itatu, wopanda mayeso, wouza munthu kutumiza fizi ku nambala ya foni ya munthu wamba, muukane. Fizi imalipiridwa ku akaunti ya sukulu ndipo lisiti limasungidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. N'zopweteka kugulitsa mbatata ndi nyemba za zaka ziwiri, kenako n'kuuzidwa pofunsira ntchito kuti pepala lanu silidziwika.

Chachiwiri, werengetserani mtengo wonse. Kupatula fizi pali ndalama za mayeso, mabuku, bandulo ya intaneti, thiransipoti ndi malo ogona pa masabata amene sukulu imakuitanani. Funsaninso chiwerengero cha makirediti a MSCE amene akufunika, popeza sukulu zimasiyana. Amene sanakwanitse angayambe ndi satifiketi kapena kubwereza phunziro limene linawavuta. Kuno ndalama imaoneka pokolola, choncho patulani ya sukulu nthawi yomweyo, isanalowe ku zina.

Chachitatu ndi nthawi. Palibe belu limene lidzakuitanani, ndipo palibe mphunzitsi wodzakulonderani. Amene amamaliza ndi amene amapatula ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mukakhala atatu kapena anayi, panganani tsiku lokumana, muthandizane masamu ndi kugawana bandulo. Dziwitsani abwana anu polemba kalata musanayambe, kuti masiku a mayeso asadzasanduke mlandu wojomba. Inu mabwana, musamuone wophunzira ngati wofuna kukulandani mpando, pakuti mabuku akalongosoka amene amayamba kupuma ndinu. Abambo, mayi akatenga buku madzulo, ana ndi ziwiya zisamudikire yekha. M'makomiti athu ambiri ndi m'mabanki m'khonde, thumba limasungidwa ndi amayi.

Sindikulonjezani kuti dipuloma idzakukwezani pantchito tsiku lotsatira, popeza kukwezedwa kuli ndi malamulo ake ndipo kumadikira malo. Chimene chimasintha msanga ndi ntchito imene muli nayo kale: lipoti lofika pa nthawi yake, malisiti osungidwa mwadongosolo, ndi msonkhano wa VDC umene msungichuma amayankha funso lililonse popanda kuweramitsa mutu. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula luso la anthu ngati chimodzi mwa zothandiza kuti dziko litukuke, ndipo luso limenelo liyenera kupezeka m'wodi muno.

Pempho langa kwa a ADC n'lakuti pa msonkhano wanu wotsatira mulembe mayina a onse ofuna kuphunzira, kuti adziwane ndi kufufuza limodzi sukulu zovomerezeka asanatulutse ndalama.