Malasha Akasanduka Mpweya, Zotsalira Zimapita Kuti?



M'tauni ya Secunda, ku South Africa, kampani ya Sasol yakhala ikupanga mafuta a galimoto kuchokera ku malasha kuyambira m'chaka cha 1980. Malashawo amatenthedwa m'ng'anjo zotsekeka, pamodzi ndi nthunzi ndi okosijeni wochepa, kufikira atatulutsa mpweya woyaka wa hydrogen ndi carbon monoxide, umene amapangira mafutawo.

Koma mpweyawo sutuluka woyera. Umakhala ndi sulufule wonunkha ngati dzira lovunda, amene ayenera kuchotsedwa. Madzi otsukira amatenga phula ndi amoniya, motero sayenera kulowa mumtsinje asanayeretsedwe. Phulusa nalo limaunjikana milumilu. Ngakhale pali kuyeretsa konseku, Secunda ndi amodzi mwa malo otulutsa carbon dioxide wochuluka kwambiri padziko lonse.

Malawi nayenso ali ndi malasha, monga ku Mchenga m'boma la Rumphi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zotere ziunikidwe kaye zisanayambe. Anthu akadzaitanidwa ku zokambirana, asadzangofunsa za mwayi wa ntchito. Adzafunsenso kumene utsi, madzi ndi phulusa zidzapite, pakuti zitsime ndi minda ndi zawo.